Ophunzira Otsiriza a Bambo

Pobwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, anthu ena anasenza mitondo, ena malata, ena nkhuku. Bambo anga anasenza makina otayipira. Anawakulunga m'chitenje cha amayi n'kuwaika pamutu, ndipo pachipata cha Mandimba asilikali anawaseka kuti kodi chitsulocho akadya. Amayi sanaseke nawo, chifukwa mphika wawo waukulu unatsala pamsasa wa othawa nkhondo posowa wounyamula.

Kutayipako anaphunzirira kumsasa komweko. Kwathu tinapeza nyumba ilibe denga, sukulu itamera tchire, koma aliyense ankafuna pepala: wina la malo, wina la kubadwa kwa mwana, wina lopempha ntchito. Boma silinkamva za pakamwa. Bambo anaika tebulo pakhonde, anthu n'kumafola kuti awatayipire rekerimentu, kalata yachipwitikizi yopempha chinthu ku boma.

Chimene ankanyadira kwenikweni chinali china. Chaka chilichonse ana otsiriza sukulu ankabwera masana kudzaphunzira kutayipa. Makina anali amodzi okha, ndiye odikira ankayeserera pa makatoni ojambulidwa zilembo. Bambo ankazungulira ndi kandodo ka nsungwi. Ukalakwitsa chilembo chimodzi pepala lonse lawonongeka, ndipo zala zako zinkalipira pomwepo. Ine, poti ndinali mwana wawo, zanga zinkalipira kawiri.

"Dziko likupita ku makina," ankatero. "Wodziwa awa sadzagona ndi njala."

Makolo ankawakhulupirira, inenso chimodzimodzi. Pophunzitsa anali ouma mtima, sindingabise. Koma wophunzira wawo akapeza ntchito kunjanji ku Entre Lagos, ankazungulira msika wonse kulengeza ngati mwanayo anabereka okha.

Nditamaliza sukulu ananditumiza ku Cuamba kwa azakhali kuti ndikafune ntchito. Kumeneko ndiye ndinakumana ndi kompyuta, n'kulembetsa kuti ndiiphunzire. Tsiku loyamba ndinamenya mabatani mwamphamvu mpaka mphunzitsi anandigwira dzanja n'kufunsa ngati makinawo andilakwira. Ndikafika kumapeto kwa mzere, dzanja linkakwera lokha kufuna chitsulo chobwezera pepala, n'kugwira mphepo. Anzanga ankafa nako kuseka. Sanaseke nthawi yaitali, chifukwa zala zanga zinali zodziwa kale njira ndipo onse ndinawasiya m'mbuyo.

Patapita zaka, sukulu ya ku Mandimba inalandira makompyuta ochepa ndi jenereta, ndipo anandiitana kuti ndidzaphunzitse ana otsiriza. Chinali pakati pa chaka, anawo atayamba kale kukhonde kwa bambo. Mkulu wa sukulu anandiuza mosapita m'mbali kuti kuyambira Lolemba ana azibwera kwa ine masana, kukhonde asamapitenso. Anawonjezera kuti bambo ndikawauze ndekha, poti ndi bambo anga. Ndinakwiya. Akuluakulu amadziwa kutuma ana nkhani ikakhala yowawa.

Kunyumba ndinawapeza akudula makatoni atsopano, akuimba chamumtima. Uthenga uja sindinaupereke. M'malo mwake ndinawapempha kuti adzaone kumene ndizigwira ntchito.

Anabwera atavala jekete. Anakhala pampando, kuwongola msana, n'kutayipa dzina la mudzi wathu osayang'ana zala. Pa mzere wachiwiri chala chinaterereka, poti mabatani a kompyuta ndi ofewa. Maso awo ankafunafuna pepala loti asolole n'kutaya.

"Palibe kanthu, bambo," ndinatero. Ndinadina batani limodzi, cholakwikacho n'kuzimiririka.

"Chapita kuti?"

"Chafufutika basi."

"Osasiya chipsera?"

"Osasiya."

Anayang'anitsitsa pamene panali cholakwikacho, jenereta ikulira panja. Kenaka anafunsa, osandiyang'ana: "Nanga ana a eni aja ndinkawamenyeranji?"

Ndinkafuna kuwauza kuti popanda khonde lawo sindikanakhala pampando umenewo, koma ndinaona kuti sizimene akufunsa. Mtima unandiwawa kwambiri. Chibadwire ndinali ndisanawamvepo bambo akukayikira ntchito ya manja awo. Anadzuka, kukonza jekete, n'kumapita, uthenga wa mkulu wa sukulu ndisanaperekebe.

Lolemba masana ndinamva mapazi ambiri panja. Bambo anali patsogolo, ana otsiriza onse atandondozana pambuyo pawo. Amene anawauza bambo uthengawo sindikumudziwa, mwinanso panalibe. Anaima pakhomo osalowa, n'kumalowetsa ana mmodzimmodzi, akundifotokozera za aliyense.

"Uyu mutu uli bwino, koma amapupuluma. Uyu kachala kakang'ono n'kaulesi, uzikayang'anira. Uyu ndi wamanyazi, sangafunse, uzimufunsa ndiwe."

Wotsiriza atalowa anandiitanira pambali n'kutsitsa mawu.

"Akamamenya mabatani kwambiri usawakalipire. Ndinawaphunzitsa choncho ndine."

"Bambo, lowani mudzandithandize. Ana achuluka awa."

"Iyayi, mwanangu. Ndingawasokoneze."

Ndinawayang'ana pawindo akutsika okha msewu wa kumsika, anyamata a njinga akuwalambalala. Atafika pamphambano anaima kanthawi ngati munthu woiwala kumene amapita. Chibwerereni kuchokera ku Malawi anali asanakhalepo ndi masana opanda mwana wowadikira. M'chipindamo ana anali atayamba kale kulimbirana mipando, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anacheuka.