Matabuleti Ofunda Chitenje

Ahedi a sukulu ina ya pulayimale ku Woodbridge, ku America, sanachulutse mawu. Anauza Mayi Anjimile kuti woyendera maphunziro abweranso pakatha mwezi umodzi, ndipo akalepheranso, chaka chamawa alibe kalasi.

Inu amene makina a kuntchito akukudwalitsani mutu, tamvani za mayiwa. Anaphunzitsa zaka khumi ndi zinayi ku Balaka, ana oposa zana m'kalasi imodzi. Atafika ku America anatha zaka zisanu akusamalira okalamba, kwinaku akulemba mayeso kuti aloledwe kuphunzitsa. Kalasi imeneyi anaikhetsera thukuta.

Mlandu wawo? Sukulu inawapatsa matabuleti, mwana aliyense yake. Iwo anawapukuta bwinobwino, kuwafunditsa chitenje, kutsekera m'kabati, kiyi m'chikwama. Miyezi iwiri yathunthu.

Khalidwe limeneli ine limandikwiyitsa, chifukwa ndi lathu. Kwathu chinthu chatsopano chikafika pasukulu chimasungidwa mu ofesi mpaka chiswe chidye, ati ana angawononge. Mayi Anjimile ankayembekezera kuyamikiridwa kuti palibe tabuleti yomwe yasweka.

Atachoka mu ofesi ya ahedi aja anapsa mtima. Mukufuna matabuleti? Chabwino. M'mawa mwake anatulutsa onse, ana n'kukhala pa matabuleti kuyambira belu loyamba mpaka lomaliza. Wina ankajambula mphuno ya mnzake, wina ankaonera amphaka. Pa mayeso owerenga a Lachisanu, theka la kalasi linalakwa.

Lamulungu mapemphero atatha ku Falls Church, anadandaulira Jacinta, mayi wa ku Lusaka amene ntchito yake ndi yothandiza aphunzitsi pa za makompyuta.

"Ndatopa nazo ine. Ndikatsekera, mlandu. Ndikatsekula, mlandu."

Jacinta sanawamvere chisoni n'komwe. "Manje ba Anjimile, ku Balaka choko munali nacho chambiri?"

"Chambiri kuti? Chimodzi pa tsiku, mwina theka."

"So munali kulemba vilivonse pa bolodi?"

"Ndiwononge choko? Ndinkayamba ndadzifunsa kuti anawa atuluke akudziwa chiyani."

"Tabuleti nayo muziifunsa so chabe."

Mayi Anjimile anapita kunyumba atakwiya kuposa poyamba, chifukwa yankholo linali lawo lomwe, ndipo anachita kuuzidwa ndi munthu wina.

Musaganize kuti zinayenda pompo. Lolemba intaneti inathawa. Lachiwiri ana asanu ndi awiri anaiwala mapasiwedi awo, ndipo mayiwa anatsala pang'ono kukatenganso chitenje chija. Koma tsiku lililonse asanalowe m'kalasi ankalemba funso lawo lija pamwamba pa kope.

Sabata yachitatu anaipeza ntchito ya tabuleti. M'kalasimo munali ana ochita manyazi kuwerenga mokweza, moti aphunzitsi sankadziwa pamene aliyense akukakamira. Tsopano mwana aliyense ankadzijambula mawu akuwerenga kwa mphindi khumi. Zikatha, matabuleti chafufumimba pa desiki. Mayi Anjimile ankamvetsera pa nthawi yopuma, n'kudziwa woti akhale naye pansi mawa lake.

Woyendera uja atabwera, anaona mphindi khumi zimenezo, kenako matabuleti ali chafufumimba phunziro lonse. Pomaliza anawafunsa mayiwa chifukwa chake ana sakuwagwiritsanso ntchito.

"Ntchito yawo yatha," anayankha. Kenako anamuyatsira tabuleti kuti amve mtsikana wina akuwerenga masiku asanu apitawo, ndi mmene wawerengera tsikulo.

Kalasi sanalandidwe.

Lero, patapita zaka zinayi, Mayi Anjimile ndi amene amaphunzitsa aphunzitsi anzawo ku Fairfax. Amatopa nawo ndithu. Wina amabwera ndi pulogalamu yatsopano sabata iliyonse, wina makina amawaopa ngati njoka. Onsewo amawapatsa theka la choko m'manja, n'kuwafunsa kuti: "Chikanakhala chokhachi, mukanalemba chiyani?"

Ndiye inu mukuti makina akuposani nzeru, mungosiya ntchito? Zimenezo ayi. Zomwe munaphunzira pa nthawi yosowa musazitsekere m'kabati poganiza kuti kuno zilibe ntchito. Mtima usagwe pansi. Tulutsani kiyi m'chikwamamo.