Mapichesi Ogona Amene Ndinagulitsa

Pa msika wa Lachiwiri ku Dzaleka palibe amene anandiposapo ponenerera malonda. Ndinagulitsapo ambulera mwezi wa Okutobala, wogulayo n'kumandithokoza. Komatu inu owerenga, pakamwa pomwepa pandiluzitsa dimba, ndipo mpaka lero sindikumvetsa bwino chimene chinachitika.

Alamu anga, achimwene a mkazi wanga, ali ndi nazale yaing'ono m'mbali mwa mtsinje kufupi ndi Mvera. Chaka chatha anapeza ganyu yomanga ku Kasungu, ndiye anandisiyira mbande zawo ndi kheni yothirira kuti ndizizithirira ndi kugulitsa. Anandilonjeza kuti akazipeza bwino adzandidulira chigawo cha dimba lawo. Ine wa ana anayi wopanda munda wakumadzi, ndinavomera asanamalize n'kulankhula komwe. Anandionetsa mzere wa mapichesi omezanitsa, amene anawavutikira chaka chonse, nati amenewo ndisawakhudze mpaka mvula itagwa.

Juni atafika ndi chisanu chake, mapichesi aja anayamba kuyoyola masamba. Ndinawonjezera madzi. Anayoyolabe. Ndinathira manyowa a nkhuku, ndinawamangira kamthunzi, ndinawapempherera ndithu, koma m'machubu apulasitiki odzalamo mbandemo munangotsala timitengo ngati zotokosera m'mano. Za malonda ndimazidziwa, za mitengo ayi. Kuimbira alamu foni ndinaopa. Ndinangoti mbandezi zafa basi, bola ndizitaye kwa munthu wina, ndidzaname kuti anaba.

Ndinazikweza pa njinga ulendo wa ku msika. Amene anaima pamalo panga ndi bambo Saidi, mwini golosale pa mphambano yakwathu, munthu wodekha wosakonda zonenanena. Anatukula chubu chimodzi, kuchiyang'ana, n'kundiyang'ana ine.

"Achimwene, mwayamba kugulitsa nkhuni?"

Bodza linangotuluka lokha. Ndinawauza kuti mitengo yachizungu imeneyi siifa, imangogona nthawi yozizira, ndipo kukatentha idzadzuka. Ndinalumbira ndithu, dzanja pachifuwa. Iwo anangoti chabwino, natenga mzere wonse pamtengo wa bonya. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba mluzu, ndikuti lero ndamudya wagolosale.

Seputembala, ndikudutsa kuseri kwa golosale ija, ndinaima chilili. Nkhuni zanga zija zinali zitaphukira, zobiriwira bii, zina mpaka timaluwa tofiirira. Bodza limene ndinalipeka nditaimirira pa msika linali loona.

Alamu atabwera sindinathe n'kunama za akuba, poti mitengo yawo inali poonekera, aliyense wogula sopo akuiona. Anandiuza kuti mapichesi amatero chaka chilichonse, ngakhale ana awo amadziwa. Sanakalipe. Anangoti, "Alamu, kheni ija mubweze." Nkhani ya dimba inathera pomwepo, ndipo mkazi wanga anatha sabata akundiyankha ndi mphuno.

Chondizunguza mutu n'chakuti bambo Saidi amanditama paliponse. Amauza makasitomala awo kuti m'dera muno wamalonda woona mtima ndine ndekha, munthu wodziwa mitengo. Anthu amabwera kunyumba kudzandifunsa chimene chavuta mapapaya awo. Tsiku lina ndinawafunsa ngati ankadziwa kale kuti mapichesi amayoyola masamba. Anangomwetulira n'kundifunsa ngati ndikufuna shuga wa theka kapena wa kilo.

Ndiye inu owerenga, munthu akakusiyirani mbande, mufunseni zimene zimachita nyengo iliyonse asanakwere basi. Zikayamba kukudabwitsani, imbani foni, manyazi a mphindi imodzi saposa kutaya munda. Ndipo musathamangire kugulitsa chinthu chimene simukuchidziwa, chifukwa mwina wopusa pamalondapo ndinu.

Koma ndithandizeni apa. Ndinapita kukanamiza munthu, ndinamuuza zoona. Amene ndinkati ndamubera akudya mapichesi, amene ndinkamuopa wataya thukuta la chaka, ine ndatsala ndi mbiri yabwino yosalimika. Pamenepa, anadya mnzake ndani?