Ng'ombe ya Anakamodzi

Ndikakumbukira agogo Esinati, fungo limene limayamba kundifikira si la matemba a ku Chilwa amene ankayanika padenga, koma la m'khola mwawo mwezi umene ng'ombe yawo Maluwa inabereka, fungo la chinthu chowolera mkati mwa nyama yamoyo. Ntchentche zinkalira kuyambira m'mawa, ife ana tikudutsa titatsina mphuno. Agogo okha ndi amene ankalowamo osakwinya nkhope.

Pamudzi ankawatchula kuti Anakamodzi, chifukwa anabereka mwana mmodzi yekha, mayi anga, basi osaimanso. Agogo aamuna anadikira mpaka kutopa, kenako anakwera bwato kukakwatira ku Chisi. Dzinalo anthu ankalitchula akumwetulira, ngati kuti akuwayamikira.

Maluwa inali ng'ombe yamkaka ya kalabu, zopatsirana zija: ukalandira, mwana wake woyamba wamkazi umapereka kwa mnzako wotsatira, ndipo ikalephera, kalabu imailanda. Agogo ankaikonda kuposa ife zidzukulu, ndipo sankabisa. Ankasenza nsenjere ndi mapesi a mpunga kuchokera ku Likangala mpaka khosi kuuma, ndipo pokama ankaiyankhula m'Chilomwe, chimene ife sankatiyankhula n'komwe.

Inabereka mwana wamphongo, koma nsengwa inakanirira, ikulendewera kumbuyo mpaka tsiku lotsatira. Agogo anati aitane alangizi a ziweto. Bambo Likaka, wapampando wa kalabu, amenenso anali wotsatira pamzere, anakana.

"Alangizi a chiyani? Izi timangomangirira mwala, zimatsika zokha."

"Nanga ikadukira mkati?" anafunsa agogo.

"Mayi, inu zoberekazi munaziona kamodzi kokha. Tisiyeni ife."

Amuna amene anatsamira mpanda anaseka. Anamangadi mwala ndi luzi, nsengwa inaduka, bambo Likaka n'kusamba m'manja monyadira ngati dokotala. Chotsalacho chinawolera mkati. Maluwa inatentha thupi, inasiya madeya, mkaka unachepa, ndipo kumbuyo kunkatuluka madzi ofiirira amene agogo ankatsuka ndi madzi ofunda amchere. Tsiku lina akutsuka choncho ndinawamva akuuza mayi anga, osawayang'ana:

"Fungo ili ndikulidziwa. Ndinanunkha chonchi nditabereka iwe. Azamba anakoka, nane inadukira."

Maluwa inachira pamaso pokha. Anaipititsa ku nkhunzi, mwezi wotsatira inayambanso kulira kufuna nkhunzi. Anaipititsanso, zomwezo. Mvula inagwa n'kutha, khola lili chomwecho. Apa m'pamene pamjigo panabuka mawu akuti ng'ombe yatengera mwini wake. Za mwala uja palibe anazikumbuka. Atsikana ongokwatiwa kumene analetsedwa kumwa mkaka wa kwa Anakamodzi, kuopa kuti nawonso angatseke, ndipo amene ankaletsawo ndi omwewo amene Lamulungu ankagwirana nawo chanza kutchalitchi.

Kalabu inagamula kuti ng'ombe ipite kwa opha nyama. Agogo anaitsogolera okha, atagwira chingwe, ndipo sanalole munthu kuwalandira. Tsiku limenelo m'pamene alangizi a ziweto anaiona koyamba, atabwera kudzayeza nyama. Atang'amba chiberekero, mafinya anataikira pansi.

"Chinatupa kalekale ichi," anatero. "Mwana sangakhazikike m'mafinya. Mukanandiitana sabata yoyamba ija, majakisoni akanathandiza."

Bambo Likaka mwadzidzidzi anatanganidwa ndi kufufuza tayala la njinga yawo. Agogo sanawayang'ane n'komwe. Anayandikira, n'kuyang'anitsitsa chiberekero chija nthawi yaitali.

"Nanga akanakhala munthu, alangizi?"

"Munthunso chimodzimodzi, mayi. Akafulumira, kuchipatala amachiza."

"Ohoo," anatero agogo. Anapinda chingwe bwinobwino n'kuuyamba wakunyumba. Amene anakhala moyo wawo wonse akuuzidwa kuti ali ndi tsoka, tsiku limenelo anamva kuti chinali chilonda chabe, ndipo anamvera pamalo ophera ng'ombe.

Palibe anapepesa. Khola linagwa ndi chiswe, ndipo bambo Likaka analandira ng'ombe yawo kuchokera kwa munthu wina.

Lero ndimaweta ng'ombe zanga, ndipo nsengwa ikachedwa ndimaimbira alangizi ndisanamwe n'tiyi yemwe. Koma mtima sunatsike. Pamaliro a agogo, bambo Likaka, atagwira ndodo, anaimirira kuyankhula m'malo mwa kalabu.

"Anakamodzi," anatero, "anali mayi wodziwa kusamala ng'ombe."

Anthu anavomereza ndi mitu. Ine mpaka lero sindinawakhululukire. Dzina la agogo anga linali Esinati.