Mpanda wa a Wadson

A Wadson anagwira ntchito yosamalira maluwa kwa mwenye wina ku Limbe mpaka anamera imvi. Atabwerera kwawo ku Phalula, ananenetsa kuti sadzathiriranso chinthu chosadyedwa. Kuseri kwa nyumba anakonza mabedi n'kufesa mpiru, tomato ndi anyezi. Akazi awo, a Gladys, sanatsutse. Anangotenga ndowa zobooka, kuthiramo dothi, n'kudzala maluwa awo pafupi ndi thandala la mbale.

Kumjigo kunali kutali, ndipo a Wadson ankapita okha panjinga, zigubu kumbuyo. Amayi a pamzere anawazolowera mpaka ankawasungira malo.

Mu Ogasiti mpiru unabiriwira bwino, moti mbuzi za a Pitala, oyandikana nawo nyumba, zinauona. Zinamaliza bedi lonse m'mawa umodzi, maluwa osawakhudza. A Wadson anapita kukadandaula.

"Mbuzi zanu zandidyera mpiru."

"Zaumaliza?" anafunsa a Pitala.

"Eya."

"Ndiye sizibweranso."

A Wadson anabwerera kunyumba. Anakadula nthambi za chammwamba kwa mlamu wawo, kuzizika kuzungulira dimba lonse, n'kumangirira udzu.

Kenako kunabwera dzuwa la Okutobala. Mjigo unayamba kudontheza. Tomato anagwidwa ndi kangaude wofiira, masamba kuchita mbuu. Anyezi anakula kufika pa msinkhu wa mtedza n'kuima pomwepo. Koma maluwa a Gladys, omwe ankangomwa madzi otsukira mbale, anamasula mpaka anthu opita kumsewu kukagulitsa makala ankaima kumawayang'ana. Tsiku lina a Gladys anapeza amuna awo atagwada pandowa, mpeni m'manja, akudulira nthambi zouma.

"Ndimayesa munasiya," anatero.

"Ndinasiya kuthirira. Kudulira ndi kwina."

Pamene za m'mabedi zinkafota, mitengo ya mpanda ija inaphukira, chifukwa madzi otayika pothirira ankathera patsinde pake. Masamba anatuluka anthete, ambirimbiri. A Gladys anathyola, kuphika ndi nsinjiro, ndipo anadya sabata yonse. Posakhalitsa anansi anayamba kubwera ndi timalichero. Akazi a Pitala nawonso anabwera, kupereka moni waulemu, n'kuthyola mbali ya kunja. A Wadson anawauza kuti asamadule nsonga, mpanda ungafupike.

Mwana wawo Tamara, yemwe amaphunzitsa ku Liwonde ndipo ndi amene anagula mbewu zija, anaimba foni kufunsa za dimba.

"Tomato wapsa, ababa?"

"Iyayi."

"Nanga anyezi?"

"Alipo. Sakuoneka, koma alipo."

"Ndiye mukudya chiyani?"

"Mpanda," anatero a Wadson, n'kupereka foni kwa a Gladys kuti afotokoze.

Pano a Wadson afesanso mpiru mumthunzi wa chammwamba. Sunamere, koma m'mawa uliwonse amakauyang'ana asanamwe tiyi.