Kadenga ka Ng'anjo ya Asibweni

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene aphunzitsi athu anatitenga kukaona ng'anjo yakale kuphiri, kumtunda kwa Wenya. Tinayenda wapansi, mame atatinyowetsa mpaka m'mawondo. Ine ndinali patsogolo, ndikudzimva, chifukwa wosamalira malowo anali amalume anga, amene kwathu timati asibweni.

Ng'anjoyo inali yadongo, yotalika kuposa munthu, ngati chulu chobooka kunsi. Asibweni anatifotokozera momwe makolo ankasungunulira miyala mmenemo n'kusula makasu, ndipo anatigwiritsa zotsalira za chitsulo, zolemera ndi zokhakhala. Koma kunena mosapsatira, malowo sanali okongola. Pamwamba pa ng'anjoyo panali kadenga ka udzu wakuda, kopendama, konunkha chinyontho. Mbali zonse linali tchire.

Aphunzitsi anali ochokera ku Dedza, munthu wabwino koma wamantha. Anali atauzidwa kuti Loweruka kubwera bwana wina wachipani ndi wojambula zithunzi. Masiku amenewo mlendo wotere akamabwera, ndi miyala yomwe inkapakidwa laimu.

"Bambo, tchireli tilambule, kadengaka kachoke," anatero aphunzitsi. "Abwana adzati kuno kulibe chitukuko."

"Asambizgi, vula yindamale," asibweni anayankha aphunzitsiwo m'chiyankhulo chakwathu, akuloza mitambo ya kumapiri a Mafinga posonyeza kuti mvula sinathe. "Ng'anjo iyi ndi dongo lokha waka. Ikanyowa, yapita."

"Masiku atatu okha. Nanga ndikanene kuti mwakana?"

Kukana zachipani kunkasowetsa anthu, zimenezo ngakhale ana tinkazidziwa. Asibweni anavula chipewa n'kukakhala pamwala.

Wokwera pamwamba ndinali ine, poti ndinali wopepuka. Ndinasasula udzuwo anzanga akuimba pansi, ndipo sindinama, zinkandikoma. Nditasuzumira kumene kunali asibweni, ndinaona atatifulatira. Apo mpamene kukoma kuja kunatha, koma kutsika ntchito isanathe sindikanatha.

Loweruka tinandanda pamenepo titavala yunifolomu mpaka dzuwa kupendeka. Bwanayo sanafike. Akuti galimoto inatitimira m'matope, abwera tsiku lina, ndipo denga lisabwezeretsedwe kufikira atajambula.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi mvula inayamba, ija yamvumbi yosadziwa kukata. Lachitatu m'mawa ndinatsatira asibweni kuphiri. Anali atafunditsa ng'anjoyo mphasa yawo yogonera ndi masaka awiri, koma madzi anali atalowa kale m'ming'alu. Ndinathyola masamba n'kumatseka apa, kwina kukudontha. Kenaka mbali imodzi inangoti khwefu, tikuona. Matope ofiira anayenderera pa miyala imene ife tinali titapaka laimu.

Ndinalira mokweza. Ndinkafuna andimenye, mwina mtima ukanapepukako.

"Leka, mwana wane," anatero. "Iwe anangokutuma waka."

Anatola mphasa yawo yamatope, ndipo tinatsika phiri. Kuyambira tsikulo sanakwereko kumeneko mpaka imfa yawo.

Lero ndikalowa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, anzanga akamathamangira zoikidwa m'magalasi, ine ndimayamba ndayang'ana kudenga. Ndinazindikira mochedwa kuti kusesa si kusamala: kadenga konyansa kaja ndiko kanali chisamaliro chonse. Ndinazindikiranso kuti paphiri paja panalibe wodana ndi ng'anjoyo. Tonse tinkangoopa, aliyense womuposa. Koma zimandiwawabe kuti chinthu chimene chinapirira mvula kuyambira nthawi ya makolo ndinachivula ndine, ndi manja angawa, pokonzekera munthu amene sanabwere n'komwe.