Kuphonya Dala kwa Alamu Anga

Alamu anga, amuna a achemwali, anagwira ntchito pa ndege za asilikali mpaka imvi. Sanali oyendetsa ayi. Iwo ankakhala kumbuyo kwa woyendetsa ndi mapu, wotchi ndi kampasi, n'kumamuuza kolowera. Ndimawakonda, koma amanditopetsa.

Tsiku limene tinkakaonekera kwa makolo a mtsikana yemwe mwana wanga ankafuna kukwatira, iwowa ndiwo anali ankhoswe. Nyumba inali ku Chipulukusu. Tinangouzidwa kuti ili m'mphepete mwa njanji, pakhomo pali mtengo wa mapeyala. Bambo a mtsikanayo anali atanena kale kuti anthu ochedwa sawapatsa mwana.

Tinanyamuka ku Kanini nthawi yabwino, koma mapu a pafoni anatizungulitsa mpaka kutifikitsa pangalande. Ndinamenya chiwongolero.

"Zimitsani chidolecho," anatero alamu. Anasuzumira dzuwa, n'kuyang'ana wotchi. "Lowerani kumanja."

"Kumanja? Mwana anati ndi cha uko!"

"Ndikudziwa. Tikuphonya dala."

"Alamu, ino si ndege! Mukandilepheretsa ukwatiwu, mukakwatira ndinu!"

"Achemwali anu akandipha. Yendetsani, mulamu, pakamwa sipaponda mafuta."

Ndinayendetsa ndikutukwana chamumtima. Iwo ali phee, akufotokoza ngati tili pakhonde. Akuti m'miyezi yotentha tchire, utsi unkabisa dziko lonse, ndiye ukafuna kabwalo ka ndege kakang'ono ka m'mbali mwa mtsinje kapena njanji, sunkalunjika pomwepo. Ukalunjika n'kuphonya, sudziwa ngati katsala kumanja kapena kumanzere, ndipo mafuta akutha. Koma ukaphonyera dala mbali imodzi, ukafika pamtsinjepo umadziwa kokhotera.

"Amene analunjika pomwepo ena sitinawaonenso," anatero.

Ine ndinangoponda mafuta.

Tinatulukira panjanji. Anangoloza kumanzere ndi chibwano. Tinatsata njanjiyo pang'onopang'ono, galimoto ikugunda pansi m'maenje, mpaka ndinaona mtengo wa mapeyala ndi azimayi atavala zitenge zofanana. Bambo a mtsikana anali pakhomo, maso pawotchi. Anaigwetsa m'thumba n'kutipatsa mipando.

Lero mdzukulu wa m'nyumba imeneyo amandikwera pamsana. Alamu akabwera amamunyamula n'kumati, "Uyu ndi wakumanja."

Ine ndimawayankha kuti mtengo ndinauona ndine.