Bwanji Sunakuwe?

Zaka zimenezo ndinkadya za laputopu. Ndinkakonza mapositala a maukwati, zinkhoswe, misonkhano ya chitsitsimutso, nthawi zina maliro. Ndinali ndisanakwatiwe, ndikuchita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ina ku Kawale, ndipo tebulo langa linali pazenera loyang'ana kumpope komwe azimayi a papulotipo ankachapira.

Tsiku lina msuweni wanga, yemwe ndi namwino, anandipempha positala yoti azitumiza m'magulu a pa Watsapu. Anati watopa kuona atsikana ogwiriridwa akufika kuchipatala mochedwa, chifukwa kunyumba amayamba apanikizidwa ndi mafunso ngati olakwa ndi iwowo. "Ulembe mafunso omwewo," anatero, "anthu adzimve okha."

Ndinaiona yophweka. Ndinapeza pa intaneti chithunzi cha mtsikana atakhala pakona, atabisa nkhope m'manja. Kumbuyo ndinadetsa bii, pamwamba n'kuikapo mafunso atatu ofiira: Unavala chiyani? Umakatani kumeneko? Unamwa mowa? Pansi ndinalemba kuti wolakwa ndi wogwirira. Ndinadziyamikira ndithu.

Mawa lake masana analowa akazi a eni puloti. Anali mayi aakulu ochokera kumpoto, ogulitsa kaunjika mumsika, komanso mlembi wa amayi kutchalitchi kwawo. Ankafuna positala ya msonkhano wa amayiwo. Nditatsegula laputopu, ya msuweni wanga ija inali ikadali pamwamba. Ndinafulumira kuichotsa, chifukwa ndinali nditawamvapo kumpope akukalipira atsikana ovala mathalauza othina.

"Taibwezani ija," anatero.

Anavala magalasi n'kuwerenga chamumtima, milomo yokha ikuyenda. Kenako analoza chithunzicho.

"Uyu wabisiranji nkhope? Waba?"

Ndinati ayi Amayi, n'chithunzi chabe chosonyeza chisoni.

"Ndiye inunso mwamuchititsa manyazi. Komanso funso lenileni mwalisiya."

"Liti, Amayi?"

Anadzuka, anakatseka chitseko, n'kudzakhalanso pampando.

"Bwanji sunakuwe?"

Anayamba kufotokoza akuyang'ana khoma, mawu osanjenjemera, ngati akuwerenga lipoti kutchalitchi. Zinachitika akukhala ku Area 25, mwana wawo woyamba asanayambe sukulu. Mng'ono wa amuna awo anali atabwera kuchokera kumudzi kudzafuna ntchito, ndipo ankagona pabalaza. Tsikulo unali mmawa dzuwa litakwera, bambo ali kuntchito. Mayiwo ankasita zovala kuchipinda, atavala chitenje ndi bulauzi ya manja aatali. Mwana ankasewera pakhonde.

"Ndikanakuwa akanalowa ndani? Mwana wanga. Ndinaluma pilo kuti asamve."

Patatha sabata anakauza azakhali awo. Azakhaliwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa funso lija. Anawonjezera kuti nkhaniyi ikamveka banja latha, anthu adzati munagwirizana. Mlamuyo anakhalabe m'nyumbamo miyezi ina iwiri, mayiwo akumuphikira ndi kumuchapira.

"Bambo akunyumba sakudziwa mpaka lero," anatero. "Mumandimva ndikukalipira atsikana kumpopeko. Ndimati ndikuwateteza. Koma ine chitenje chinanditeteza?"

Ndinati pepani Amayi. Ndinachita manyazi ndi kuchepa kwa mawuwo, koma ena ndinalibe. Iwo anapukuta magalasi ndi nsonga ya chitenje n'kunena kuti tiyeni tiikonze.

Tinakhala pamenepo mpaka ana anayamba kubwera kuchokera kusukulu. Chithunzi tinachotsa. Kuda kuja anati kukukhala ngati positala ya maliro, chonsecho munthuyo ali moyo, ndiye tinasiya poyera. Ine ndinkafuna zilembo zokhotakhota, iwo anakana, anati azimayi ambiri mafoni awo ndi ang'onoang'ono osweka galasi, zilembo zikhale zikuluzikulu. Pakati tinaika funso lawo lija lokha. Pansi ndinalemba kuti kukhala chete si kuvomera. Anawerenga kawiri, nati tiwonjezere mzere wina: Kafunseni iyeyo chifukwa chake anachita zimenezi.

Msuweni wanga anadabwa kuti mafunso ena aja apita kuti, koma anaitumiza momwemo. Patatha masiku angapo ndinaipeza yafika m'gulu la anzanga omwe tinaphunzira limodzi ku sekondale. Anyamata awiri anayamba kutsutsa, wina n'kulemba kuti munthu wamkulu sangalephere kukuwa. Ndinalemba yankho lalitali, ndinalifufuta, pakuti zomwe ndinkadziwa sizinali zanga zoti ndinene. Mtsikana wina amene sankalankhulapo m'gulumo anangolemba kuti, "Angalephere," ndipo madzulo ake anatulukamo.

Mayi aja sanaiike pa sitetasi ya Watsapu, sanaitumizenso kwa aliyense. Anangondipempha ndiwasindikizire imodzi papepala. Anaipinda kanayi n'kuilowetsa m'chikwama chomwe ankapita nacho kutchalitchi. Nkhaniyo sitinaikambenso.

Ndisanasamukire ku Biwi, mwana wawo woyamba uja anachita chinkhoswe, ndipo abale anabwera ambiri kuchokera kumudzi. Positala yake ndinakonza ine. Lachisanu masana ndikuchokera kumsika ndinapeza azibambo atakhala pakhonde la nyumba yaikulu. Eni puloti anandiitana mosangalala kuti ndipereke moni kwa mng'ono wawo, bambo wa imvi wovala jekete yotuwa. Ndinapereka mkono. Nthawi yomweyo mayi aja anatuluka ndi beseni ndi jagi, anagwada, n'kuyamba kusambitsa alendo m'manja, mmodzimmodzi, mpaka anafika pa iye.